Mayi Amene Anaphika Penti ku Winterveld

Njinga zamoto zisanu zinalowa pa geti motsogozana Lachiwiri m'mawa, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inabwera kudzakonzedwa. Zinabwera kudzabweza ntchito.

Asiyatu anali ataima pakhomo pa kanyumba kake ka malata, mwana kumsana. Fungo linamupeza njingazo zisanazimitsidwe, fungo la pulasitiki wopserera. Atasendera pafupi anaona ndi maso ake. Penti wakuda amene iye mwini anapaka pa mainjini aja masiku anayi m'mbuyomo anali atatupa matuza. Pena anali atasupuka ngati khungu la mbatata yootcha, pena ankatulutsa kautsi.

"Amake Aliya, tabwerani muone," anatero Pearson, bambo wa ku Ntcheu amene amaperekera anthu zakudya pa njinga m'tauni. "Injini yanga yadwala nthomba. Ndipite nayo ku kiliniki iti?"

Anzake anaseka. Yahaya sanaseke. Yahaya ndi mchimwene wake wa Asiyatu, ndiponso mwini wa yadi imeneyo ku Winterveld, komwe amakonzera njinga zamoto ndi majenereta. Zinamutengera zaka zisanu ndi zinayi kuti Amalawi ndi eni dziko omwe ayambe kunena kuti "pitani kwa Yahaya."

"Iwe, unapaka chiyani apa?"

"Penti wa malata, Achimwene."

"Wa malata. Pa injini."

"Ndimati poti malata amakhala pa dzuwa tsiku lonse osasupuka..."

Yahaya sanadikire kuti amalize. Anapepesa eni njinga mmodzimmodzi, kenako anatembenukira kwa mlongo wake, anthu onse akumva.

"Basi ya Loweruka lomaliza la mwezi uno, yonyamukira pa siteshoni ya Bosman, ukwera. Ukakhale ndi amayi ku Ntaja. Joni yakukana iwe."

Panali patatsala masabata atatu.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, kaya muli pa mzere wa takisi kaya mwabisala m'khitchini ya abwana ndi foni, musathamangire kumuseka mayi ameneyu. Sanapake penti uja chifukwa chopusa. Bambo ake ankapenta madenga a mizikiti ndi masukulu ku Machinga, iye ali wamng'ono akuwagwirira chitini pansi pa makwerero. Penti ameneyo ankatha zaka khumi pa dzuwa la Okutobala lomwe limawotcha phazi pansi. Kwa iye, chinthu chotentha kuposa zonse chinali denga la malata masana. Anagwiritsa ntchito nzeru imene anali nayo.

Sukulu analekezera Sitandade 7. Ku Joni anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zinayi ku Centurion, kuphika, kuchapa, kusita, mpaka abwana ake anasamukira kunja. Mwamuna wake anapita ku Kapa kukaona ntchito, nambala yake n'kusiya kulira. Yahaya anamupatsa kanyumba kuseri kwa yadi. Koma Asiyatu si munthu wokhala pansi n'kumadikira mbale. Anaona kuti mainjini amene mchimwene wake wakonza amalira bwino, koma kunja amakhala mbuu, zivundikiro za aluminiyamu zili ndi mawanga oyera, ogula n'kumati ndi zakale. Anapempha kuti azizipenta. Mainjini asanu aja anali ntchito yake yoyamba.

Ndipo amene anakhalako kuno akudziwa tanthauzo la kubwerera kumudzi ndi mwana kumsana, mwamuna palibe, chikwama chili pepepe. Anthu sakufunsa kuti wayenda bwanji. Amayang'ana zimene zatsitsidwa m'basi.

Ine ndimakhala mpanda umodzi ndi iwo, ndipo Aliya ankamusiya kwa ine kuti asapume fungo la penti. Zimene ndikulembazi ndinaziona.

Tsiku lomwelo Asiyatu anatenga sanipepa ndi thina, mankhwala osungunulira penti, n'kupala mainjini onse asanu mpaka chitsulo kuoneka. Zala zinang'ambika. Eni njinga anayi anati, "Tisiyireni mbuu choncho, zikomo." Pearson yekha ndi amene anavomera kuti ayeserenso.

M'mawa mwake anakwera takisi ya ku Rosslyn, kukalowa m'shopu ya masipeya. Pa shelefu panali zitini zopopera zambirimbiri, chilichonse ndi nambala yake ya madigiri. Anaganiza mmene aliyense wa ife akanaganizira: ngati vuto ndi moto, tenga wa nambala yaikulu kuposa onse. Anatenga wa 650.

Anapopera injini ya Pearson. Inatuluka yakuda bii, yosalala, yokongola moti ngakhale Yahaya anaiyang'ana kawiri. Tsiku loyamba matuza sanatuluke. Tsiku lachiwiri sanatuluke. Asiyatu anayamba kudya bwino.

Tsiku lachitatu Pearson anabwera akukoka mwendo wa buluku lake.

"Amake Aliya, buluku langa ndiye lapentedwa bwino kwambiri. Injini ayi."

Pothira petulo pa garaji, madontho angapo anagwera pa chivundikiro. Pomwe petulo anadutsa, penti anatsetsereka naye, n'kusiya mzere woyera kuchokera pamwamba mpaka pansi. Wotsalayo ankachoka ndi chala.

Yahaya sanakalipe ulendo uno, ndipo zimenezo zinawawa koposa. Anangolowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tikiti ya basi, n'kuipachika pa msomali wa pakhomo la Asiyatu.

Panatsala masiku khumi ndi anayi.

Mbiri inamveka kuti Asiyatu akupita kumudzi. Mukudziwa mwambo wathu kuno. Munthu akamapita, aliyense amabwera ndi kaphukusi. Wina bulangete la amayi ake ku Liwonde, wina foni ya mkazi wake ku Mangochi, wina nsapato za ana. Katundu anayamba kuunjikana m'kanyumba kaja mpaka pogona kuchepa. Aliyense pochoka ankati "muyende bwino," iye n'kumayankha "zikomo" mano atawaluma.

Sankakhala pansi. Ankasesa malo osesa kale. Ankayamba kuchapa n'kusiya zovala m'beseni, n'kukaima pa geti, n'kubwerera. Ndikamufunsa ankangoti, "Mutu wanga sukuima, anzanga."

Injini ya Pearson inkafunika kuipukuta kachiwiri. Anaviika kansanza mu petulo n'kuyamba. Pa chivundikiro penti ankachoka ngati mwaye wa pa mphika. Anapukuta choncho mpaka anafika pa khosi la ekizozi, pomwe mpope umatulukira mu injini. Pamenepo panali penti pang'ono amene anangowazikira mwangozi popopera. Anapukuta, sanachoke. Anawonjezera petulo, sanachoke. Anakanda ndi chikhadabo, kenako ndi mpeni wa m'khitchini. Penti anali gwa ngati anabadwa ndi chitsulocho.

Anakhala pansi pa dothi pomwepo, kansanza kali m'manja.

Chitini chimodzi. Tsiku limodzi. Dzanja limodzi. Nanga bwanji apa walimba, apo wafewa?

Yankho silinachokere m'buku. Linachokera ku khitchini ya ku Centurion. Keke ukaitulutsa mu uvuni moto usanakwane, pamwamba imaoneka yabwino koma m'kati ndi phala. Penti uja anali wofuna kuphikidwa. Pa ekizozi anapeza moto womukwanira, n'kulimba. Pa chivundikiro moto unali wochepa, ndiye anangokhala wamuwisi masiku onse atatu.

Pearson atabwera kudzatenga njinga, Asiyatu anamuuza kuti akazungulire nayo mpaka pa shopu n'kubwerera, asaizimitse. Anatenga kapu ya madzi ndi supuni ya tiyi.

"Eish, tsopano mukuipatsa mankhwala?" anatero Pearson.

"Khalani chete, bambo, ndimve."

Anadontheza madzi pa chivundikiro cha m'mbali. Dontho linakhala kanthawi, likuchita nthunzi pang'onopang'ono. Anadontheza pa mutu wa injini, pafupi ndi pulagi. Linati tsee, n'kuuma. Anadontheza pa ekizozi. Linadumpha, osaoneka komwe lapita. Umu ndi mmene ankayesera simbi asanasite malaya a abwana, ndipo aliyense amene anasitapo amadziwa kuti moto wa jinzi si moto wa mpango wa silika.

"Injini ndi imodzi," anatero, "koma moto uli mitundu itatu."

Kutacha anali kale mu takisi ya ku Rosslyn. Pa kauntala anapeza bambo wachikulire wolankhula Chipedi, yemwe anangoona nkhope yake n'kutambasulira dzanja ku chitini cha 650.

"Ameneyo ayi," anatero Asiyatu m'Chingerezi chake cha m'khitchini. "Ameneyo ndi wa ekizozi. Ndikufuna wa chivundikiro. Wolimba pa moto wochepa, wosasungunuka ndi petulo kapena oyilo."

Bamboyo anatsitsa magalasi.

"Mma, wakutumani ndani?"

"Ndadzituma ndekha."

Anamutengera chitini china, chojambulidwa injini, cholembedwa 260. Nambala imeneyo Asiyatu anaizindikira, chifukwa uvuni wa abwana ake unkalekezera cha pomwepo. Bamboyo anawonjezera kachitini kena ka penti wotuwa woyambira, n'kunena kuti aluminiyamu ndi woterera, sagwira penti popanda ameneyo. Kenako anagogoda pa kauntala ndi chala.

"Ndipo mutsuke. Oyilo amabisala m'chitsulo. Ambiri amalephera pamenepo, n'kubwera kudzatukwana ine."

Masiku asanu ndi anayi.

Ulendo uno sanakhudze njinga ya munthu. Anatola zidutswa zisanu ndi zinayi za zivundikiro zosweka pa mulu wa zitsulo wa Yahaya, n'kuzilemba manambala ndi msomali. Kwa mayi wina wa m'msewu mwathu kunali sitovu yakale yotayidwa kuseri, mapuleti ake anafa koma uvuni ukugwira. Anaikoka pa wilibala yekha, n'kuiika panja pansi pa mtengo. Analemba ndi makala pa chitseko chake kuti CHAKUDYA AYI, ndipo mpaka lero simunaphikidwemo chodya.

China anachitsuka, china ayi. China anapaka woyambira, china ayi. China anapopera kamodzi mochindikala, china katatu mopyapyala, akudikira pakati. China anachiphika ola lathunthu pa 100, china anangochisiya pa dzuwa. Kenako chilichonse ankachikanda ndi kiyi, n'kuchithira petulo, n'kuchipaka oyilo wakuda.

Magetsi ankazima uvuni uli pakati pa ntchito. Ankayenda kuzungulira sitovu ija, manja m'chiuno, kenako n'kuyambiranso. Mphepo inabweretsa fumbi pa chidutswa chonyowa, n'kuyambiranso. Yahaya ankadutsa ndi sipanala osayang'ana.

Zidutswa zisanu ndi zitatu zinalephera. Chachisanu ndi chinayi chinalimba, koma m'mphepete munatuluka timabowo ngati ta singano. Anachitsuka bwino, ndiye timabowo tachokera kuti? Anatenga chidutswa china chotsukatsuka, chosapenta, n'kuchiika mu uvuni chokha. Patapita theka la ola chitsulo choyera chija chinali chitatuluka thukuta la oyilo. Bambo uja ananena zoona, koma sopo yekha sakanafika komwe oyiloyo anabisala. Kuyambira pamenepo anayamba kuphika chitsulo kawiri: koyamba chopanda penti kuti chitulutse thukuta, n'kuchipukuta ndi thina, kachiwiri chitapentedwa.

Chidutswa chakhumi anachikanda mpaka kiyi anapindika.

Linali Lachitatu. Basi inali ya Loweruka.

Anapita nacho kwa Yahaya. Yahaya sanachilandire n'komwe.

"Kachidutswa si injini. Ine dzina langa silipsanso kachitatu. Konza zikwama."

Panatsala munthu mmodzi. Pearson atafika madzulo kudzapopa matayala, Asiyatu anamuimira kutsogolo.

"Ayi, ayi, Amake Aliya," anayamba yekha asanauzidwe kanthu. "Njinga yanga mwaisandutsa bolodi ya Sitandade 1, kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Akazi anga andiuza kuti ndikabweranso ndi buluku lakuda ndikagone kwa inu komweko ndi mainjini anuwo."

Asiyatu sanaseke. Anamupatsa chidutswa chija ndi kapu ya petulo.

"Tengani kiyi wanu mukande. Mukachotsa ngakhale pang'ono, sindidzakuvutitsaninso. Loweruka mudzandinyamulire chikwama."

Pearson anakanda. Anathira petulo n'kutikita ndi malaya ake omwe. Anachiluma ndi dzino. Kenako anayang'ana njinga yake nthawi yaitali, chifukwa kuvomera kunatanthauza kuti Lachinayi lonse sagwira ntchito, ndipo njingayo ndi imene imadyetsa banja lake.

"Shapu," anatero. "Koma zikasupuka, ndikukaperekezani ndekha ku Bosman ndikuimba nyimbo."

Pearson anamasula yekha zivundikiro ziwiri. Lachinayi Asiyatu anazitsuka, kuziphika, kuzipukuta, kupaka woyambira, kupopera katatu nsalu ili kumphuno, n'kuziphikanso. Magetsi anazima kamodzi. Sanadye tsiku limenelo. Pa ekizozi anapopera wa 650 uja, pamalo pake.

Lachisanu Pearson ananyamuka dzuwa likutuluka. Kunali kotentha, kopanda mtambo. Anati ayenda m'tauni mpaka masana, kenako ali ndi katundu wokasiya ku Hammanskraal, msewu wautali womwe injini imalira osapuma.

Asiyatu anaima pa geti. Analowa. Anatuluka. Anapinda zovala za Aliya n'kuziika m'chikwama, n'kuzitulutsanso. Njinga iliyonse yodutsa mumsewu inkamudzutsa. Yahaya anapita ku mzikiti n'kubwera, Pearson osaoneka. Mayi wina anabwera ndi phukusi lina la ku Balaka. Analilandira.

Cha m'ma 4 koloko njinga inalowa, fumbi lili thoo. Pearson anaizimitsa n'kutsika.

Fungo kunalibe.

Yahaya anasiya jenereta imene ankakonza. Anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja. Anadikira kuti injini izizireko, n'kugwada. Anapukuta fumbi ndi chikhatho. Anathira petulo pa nsanza n'kutikita ndi mphamvu zake zonse, ngati akufuna kuti uchoke. Anayang'ana nsanzayo. Inali ndi fumbi lofiira basi. Anatulutsa sikuludiraiva, n'kugogoda ndi chogwirira chake m'mphepete monse. Anazungulira mbali inayo n'kuchitanso chimodzimodzi.

"Bwana, muboola," anatero Pearson. "Ingovomerani."

Yahaya anaimirira. Sanayang'ane mlongo wake kumaso. Analoza ku benchi ndi sikuludiraiva.

"Pali mainjini awiri apo, a munthu wa ku Mabopane. Lolemba ndiwapeze atauma."

"Lolemba, Achimwene?"

"Wagontha? Ndati Lolemba. Ndipo sitovu yakoyo isendeze kuno, mvula ikubwera."

Asiyatu anayenda mpaka kuseri kwa kanyumba kake, n'kukhala pa chidebe, n'kuphimba nkhope ndi mpango. Ndinamusiya kaye. Atatuluka anapita molunjika ku benchi kukayamba kutsuka.

Tikiti ija anakwerera munthu wina wa ku Nsanama, ndipo maphukusi onse anapita naye.

Papita zaka ziwiri. Lero m'yadi muja muli shedi yachiwiri, ndipo ndi ya Asiyatu. Oyendetsa njinga amachokera ku Soshanguve ndi ku Ga-Rankuwa, ena ndi mainjini a mapampu a madzi. Munthu akafika n'kunena kuti akufuna penti wosamva moto, iye amayamba ndi funso: mbali iti? Wina akaumirira kuti ampopere tsiku lomwelo pamwamba pa oyilo chifukwa akufulumira, amamuuza kuti apite kwina. Amabwerera okha. Si kuti walemera ayi. Amadzukabe m'bandakucha, zala zake n'zokhakhala, ndipo masiku ena ntchito imasowa. Koma Aliya wayamba kireshi, sukulu ya mkaka, ndipo tsiku limene Asiyatu adzapite ku Ntaja adzasankha yekha.

Tsono inu anzanga amene chinthu chakukanikani kawiri, ndipo anthu ayamba kale kukutsanzikani, ndimvereni. Kulira lirani, palibe choletsa. Koma chimene chalepherekacho musachitaye musanachiyang'anitsitse mbali zonse, chifukwa nthawi zambiri pamakhala kamalo kamodzi kamene kanagwira, ndipo pamenepo ndi poyambira. Musadzinyoze kuti sukulu sinathe. Zimene manja anu anaphunzira pa ntchito zonyozeka ndi maphunziro, ndipo palibe bwana amene angakulandeni pokuchotsani ntchito.

Masiku anu akhoza kukhala atatsala atatu okha. Atatuwo ndi anu. Dzukani, sambani kumaso, kayeseninso. Osataya mtima.